Kuphunzitsa ana ambiri pakhomo kumudzi: njira zisanu ndi zomwe iliyonse imafuna kwa mayi

Nthawi ili cha m'ma 9 koloko m'mawa. Wakhanda ali kumsana, wazaka 6 akuloza "b" n'kumati ndi "d", wazaka 14 waima pambali ndi kope lake kudikira kuti ndimuonere samu yomwe yamukanika kuyambira dzulo, ndiye wina akukuwa panja kuti ziweto zatuluka m'khola. Umo ndi mmene sukulu imayendera pakhomo pathu, pomwe pali ana 7 ndi mphunzitsi mmodzi.

Amayi anzanga omwe akufuna kuyamba amakonda kundifunsa kuti agule mabuku ati. Ndimawayankha kuti ayambe awerenga maola omwe ali nawo. Ndalama zimasowa, inde, koma chomwe chimatha msanga pakhomo la ana ambiri ndi nthawi ya mayi. Njira yomwe imayenda bwino kwa mayi wa ana awiri wokhala pafupi ndi laibulale ikhoza kumugwetsa mayi wa ana 7 yemwe amatunga madzi, kulima ndi kuyamwitsa tsiku lomwelo.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba ndi lamulo la dziko lomwe mukukhala, chifukwa malamulowa ndi osiyana kwambiri. Ku Germany mwana aliyense amakakamizidwa kupita kusukulu ndipo kuphunzitsira pakhomo sikuloledwa. Ku France, kuyambira mu 2022, makolo amayenera kupempha chilolezo. Ku South Africa lamulo la sukulu la 1996 limafuna kuti mwanayo alembetsedwe ku boma la chigawo. Ku United States n'kololedwa m'zigawo zonse 50, koma chigawo chilichonse chili ndi zofuna zake. Pitani ku ofesi ya zamaphunziro mukafunse musanagule ngakhale choko.

Zikatero, njira iliyonse ndimaiyeza ndi zinthu zinayi. Mtengo: osati wa mwana mmodzi chaka chimodzi, koma wa ana onse pa zaka zonse, komanso ngati zomwe wagwiritsa ntchito wamkulu zingamufikire wamng'ono. Kupezeka: kodi zifika kwanu, ndipo zikafika zigwira ntchito popanda magetsi odalirika? Kusamalira: maola anu okonzekera, kuphunzitsa ndi kuchonga, pamodzi ndi kusunga zipangizo. Zoopsa: mwana angaphonye chiyani inu osadziwa?

Pamwamba pa zinayizi ndimawonjezera funso limodzi lomwe ndinaphunzira ndi misozi. Kodi njirayi ipitirira sabata yomwe mayi wagona ndi matenda, kapena mwezi wokolola, kapena masabata oyamba mutabereka? Pakhomo lalikulu masabata oterewa sasowa chaka chilichonse.

Njira yoyamba: mabuku okonzedwa kale a chaka chonse

Apa mumagula mtolo wathunthu wa kalasi inayake: mabuku a mwana, buku la mphunzitsi, mayankho ndi mayeso. Ena mwa odziwika ndi Abeka, Sonlight ndi Accelerated Christian Education. Yomalizayi inayamba ku Texas mu 1970, ndipo imagawa phunziro lililonse m'timabuku 12 pa chaka tomwe mwana amalemba yekha n'kudzichonga.

*Mtengo.* Iyi ndi njira yodula kwambiri, ndipo kudulako kumabisala m'mabuku olembamo. Buku lomwe mwana walembamo latha; mng'ono wake adzafuna latsopano. Mukachulukitsa ndi ana 6 kapena 7, maphunziro 5, zaka zoposa 10, mupeza kuti mtengo womwe munauona poyamba unali kachigawo chabe. Pali njira yochepetsera: ana azilemba mayankho m'makope wamba, buku lizikhala loyera. Izi zimatheka bwino pa masamu ndi galamala, koma kwa ana aang'ono omwe akuphunzira kujambula zilembo zimavuta.

*Kupezeka.* Mabuku ndi olemera. Ngati muli kutali ndi komwe amasindikizidwa, ndalama yotumizira ndi msonkho zimatha kuyandikira mtengo wa mabukuwo, ndipo kudikira kumatenga miyezi. Komanso ambiri ali m'Chingerezi ndipo mbiri, ndalama ndi miyeso yomwe ili m'menemo ndi ya dziko lomwe analembedwera. Mwana akhoza kudziwa mitsinje ya kutsidya kwa nyanja osadziwa komwe mtsinje wa kuseri kwa nyumba yake umathira.

*Kusamalira.* Kukonzekera n'kochepa, ndipo pamenepa ndi pomwe njirayi imakoma: mumatsegula tsamba la lero n'kuyamba. Koma kuchonga n'kwambiri. Ana 5 atalemba masamba anayi pa phunziro lililonse, madzulo mumakhala ndi mulu womwe sungathe nyali isanazime. Ndipo mabuku omwe amafuna kuti mayi aime n'kuphunzitsa kalasi iliyonse payokha sangatheke ndi ana ambiri. Tsiku lilibe maola amenewo. Sungani mabuku m'bokosi lachitsulo lotsekeka bwino, lokwezedwa pamwamba. Ine chiswe chinandidyera theka la buku la mayankho m'nyengo imodzi ya mvula, ndipo ndinazindikira nditalitsegula kuti ndichonge mayeso.

*Zoopsa.* Mwana wochenjera amaphunzira kudzaza mipata popanda kumvetsa. Amapeza mawu m'ndime n'kuwakopera, kukhoza zonse, koma mukamufunsa patatha sabata palibe chomwe watsala nacho. Choopsa china chili kwa mayi: buku likati tsiku la 90 inu muli pa tsiku la 60, mtima umayamba kuthamanga, n'kuyamba kuwakalipira ana chifukwa cha kalendala yomwe analemba munthu wosadziwa za khomo lanu.

Njira yachiwiri: kompyuta, tabuleti kapena foni

*Mtengo.* Maphunziro enieniwo akhoza kukhala aulere. Khan Academy, webusaiti ya maphunziro yomwe inakhazikitsidwa mu 2008, silipiritsa, ndipo masamu ake amayambira pa kuwerenga manambala mpaka a kusekondale ndi kupitirira. Ndalama zimapita ku zipangizo, data, sola ndi batire. Sukulu za pa intaneti zokhala ndi aphunzitsi enieni zimalipiritsa mwana aliyense payekha, choncho kwa banja lalikulu zimadula kuposa mabuku.

*Kupezeka.* Mavidiyo amadya data kwambiri, ndipo kumudzi netiweki imabwera ikafuna. Mwayi ulipo pa mapulogalamu ogwira ntchito popanda intaneti. Kolibri, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality, imaikidwa pa kompyuta imodzi, ngakhale kakang'ono ngati Raspberry Pi, ndipo mafoni ndi matabuleti a m'nyumba amalumikizana nayo popanda data. Mumapita nayo komwe kuli intaneti yamphamvu kamodzi, kukopera maphunziro, n'kubwerera. Kiwix imachita chimodzimodzi ndi Wikipedia. Koma kuika zimenezi koyamba kumafuna munthu wodziwa makompyuta.

*Kusamalira.* Makina amachonga okha, ndipo kwa mayi wotopa chimenechi ndi chithandizo chachikulu. Koma fumbi, kutentha ndi manja a ana aang'ono ndi adani a zipangizo. Batire yosiyidwa padzuwa imafooka msanga. Galasi likasweka, wokonza ali kutali, ndipo sukulu imaima mpaka mutapeza ulendo. Ngati chipangizo ndi chimodzi pa ana 5, lembani ndandanda ya nthawi n'kuimata pakhoma, apo ayi mkangano ndi wa tsiku lililonse.

*Zoopsa.* Mwana wayang'ana galasi mwakachetechete sikutanthauza kuti akuphunzira. Ena amangodina mayankho mpaka litalondola. Kwa ana osakwana zaka 8 sindiikhulupirira njirayi ngati msana wa maphunziro: dzanja limafunika kugwira pensulo, ndipo khutu la mayi ndi lomwe limamva kuti mwana akuwerenga kapena akungolota mawu. Ndipo chipangizo chilichonse chofika pa intaneti chizigwiritsidwa ntchito poonekera, osati kuchipinda.

Njira yachitatu: banja lonse pamodzi, kupatula kuwerenga ndi masamu

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe ine ndinakhazikika, ndipo ndikuona kuti njirayi inapangidwira makomo ngati athu.

Maganizo ake ndi akale. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku England yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1842 mpaka 1923 ndipo ankaphunzitsa aphunzitsi ku Ambleside, ankalimbikitsa maphunziro aafupi, mphindi 10 mpaka 20 kwa ana aang'ono, kuwerenga mabuku olembedwa mokoma m'malo mwa timfundo toloweza, ndi kumuuza mwana kuti afotokoze m'mawu ake zomwe wamva. Joseph Lancaster, yemwe anatsegula sukulu ku London mu 1798, ankaphunzitsa ana mazanamazana pogwiritsa ntchito ana okulirapo kuphunzitsa anzawo. Ku Colombia, ndondomeko ya Escuela Nueva inayamba mu 1975 pofuna kuthandiza sukulu za kumidzi zomwe mphunzitsi mmodzi amasamala makalasi angapo m'chipinda chimodzi. Mayi wa ana 7 ali m'chipinda chomwecho.

Zimayenda chonchi. Mbiri, sayansi, za malo ndi nthano timaphunzira tonse nthawi imodzi. Ndimawerenga mokweza ndime imodzi, tinene za mmene madzi amakwerera kuchoka pansi n'kudzagwa ngati mvula. Wazaka 6 amajambula chithunzi. Wazaka 9 amandifotokozera pakamwa. Wazaka 12 amalemba theka la tsamba. Wazaka 14 amalemba tsamba lonse n'kukafufuza funso limodzi lomwe sitinaliyankhe. Phunziro limodzi, mphindi 30, ana onse adya. Kenako aliyense amapita ku masamu ndi kuwerenga kwa msinkhu wake, ine n'kumazungulira, mphindi 15 kwa aliyense, kuyambira wamng'ono chifukwa ndiye amatopa msanga.

*Mtengo.* Wotsika. Mukufuna buku limodzi labwino la masamu pa kalasi iliyonse, losalembamo, loti lidzadutse m'manja mwa ana onse, buku lophunzitsira kuwerenga, mapu, dikishonale, bolodi, choko ndi makope, ndi mabuku owerenga omwe mumaonjezera pang'onopang'ono. Mabuku akale ogulidwa kwa ena amagwira ntchito chimodzimodzi. Masamu a tizigawo sanasinthe.

*Kupezeka.* Vuto ndi mabuku owerenga. Popanda laibulale pafupi, ana okonda kuwerenga amamaliza zonse za m'nyumba m'miyezi yochepa. Kubwerekana ndi mabanja ena kumathandiza. Mabuku akale a Chingerezi alipo aulere pa webusaiti ya Project Gutenberg, ndipo webusaiti ya African Storybook ili ndi timabuku ta ana m'zilankhulo zambiri za mu Africa. Mukafuna kusindikiza, pulinta ya inki yaufa ndi yabwino kuposa ya inki yamadzi, yomwe imauma ikakhala masabata osagwira ntchito. Ubwino wina ndi woti mumayamba m'chilankhulo cha pakhomo. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, inanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino akayambira m'chilankhulo chake, ndipo pa njirayi palibe wokuletsani.

*Kusamalira.* Apa ndiye pali katundu. Palibe wokuuzani tsamba la lero. Mumafunika madzulo amodzi pa sabata okonzekera, ndi masiku angapo pa chaka oyala ndondomeko yonse. Ine ndimatenga silabasi ya boma n'kuiika pambali ngati choyezera, kuti ndione zomwe tadumpha. Mukagona ndi matenda, mwana wamkulu akhoza kuwerengera anzake mokweza ndipo sukulu siima, koma zimenezi zimatheka pokhapokha mutazolowetsa ana ndondomeko yomweyo tsiku ndi tsiku.

*Zoopsa.* Ziwiri, ndipo zonse ndi zazikulu. Choyamba ndi mipata: mayi amaphunzitsa kwambiri zomwe amakonda n'kuzemba zomwe zinkamuvuta iyeyo kusukulu. Chachiwiri chimandipweteka kuchinena. Mwana wamkulu, makamaka wamkazi, amasanduka mphunzitsi ndi mlezi, maphunziro ake n'kumatsalira. Tsiku lina ndinatsegula kope la mwana wanga woyamba n'kupeza kuti kwa masabata atatu sanapite patsogolo pa masamu, pomwe mng'ono wake yemwe iye ankamuphunzitsa anali atamaliza mutu wonse. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Kuchokera tsiku limenelo ndinaika malire: kuthandiza ang'ono ndi mphindi 30 basi, ndipo maola awiri a m'mawa ndi ake, palibe womutuma.

Njira yachinayi: kutsata chidwi cha mwana

John Holt, mphunzitsi wa ku America, ndiye anatchukitsa maganizowa m'zaka za m'ma 1970: palibe silabasi, palibe ndandanda, mwana amaphunzira kudzera m'moyo ndi m'mafunso ake.

*Mtengo.* Wooneka ngati palibe, koma mwana wopanda silabasi amafuna zinthu zambiri zomuzungulira: mabuku, zida, maulendo, anthu aluso oti aziwaonerera.

*Kupezeka.* Kumudzi kuli chuma chomwe ana a m'tauni alibe. Kuyeza munda, kuwerengera mbewu, kuona chiweto chikubereka, kusunga kaundula wa zokolola, zonsezi ndi masamu ndi sayansi zenizeni. Chomwe kulibe ndi zomwe mwana sangakumane nazo pabwalo: algebra, chilankhulo chachiwiri, mbiri ya maiko ena.

*Kusamalira.* Anthu amaganiza kuti mayi amapuma. Ayi ndithu. Kutsata chidwi cha ana 7 osiyana n'kovuta kuposa kutsata buku limodzi.

*Zoopsa.* Pakhomo la ntchito zambiri, "akuphunzira kudzera m'moyo" imasanduka mosavuta kungogwira ntchito. Ndipo kuwerenga sikubwera kokha ngati kulankhula. Gulu la akatswiri la National Reading Panel ku United States linapeza mu 2000 kuti kuphunzitsa maliwu a zilembo mwadongosolo kumathandiza ana kuwerenga bwino. M'mera mpoyamba: mwana yemwe wafika zaka 9 asakuwerenga amayamba kuchita manyazi n'kumabisa, ndipo pakati pa abale ambiri kubisala n'kosavuta. Ine njirayi ndimaipatsa masana, osati m'mawa.

Njira yachisanu: kugwirizana ndi mabanja ena

*Mtengo.* Wochepa ngati makolo akusinthana okha. Umakwera mukalemba mphunzitsi, ngakhale kuti mukasonkherana mabanja anayi umapepuka.

*Kupezeka.* Zimadalira mtunda ndi kupeza anthu omwe mukuona nawo zinthu mofanana. Ulendo wa ola limodzi ndi ana onse, wakhanda ali m'manja, msewu uli matope, sungatheke tsiku lililonse. Kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kotheka.

*Kusamalira.* Mgwirizano umafuna kulemberana: ndani aphunzitsa chiyani, ndani asunga ana aang'ono, tichita bwanji wina akajomba. Magulu ambiri amatha chifukwa mayi mmodzi ndiye amasenza zonse mpaka kutopa.

*Zoopsa.* Banja limodzi likasamuka, phunziro lomwe linali m'manja mwawo limafera pomwepo. Komabe pa zinthu zina palibe cholowa m'malo mwake: masewera a timagulu, kuyankhula pagulu, kuyesa za sayansi, ndi mwayi woti munthu wina wamkulu amuone mwana wanu. Mnzanga ndiye anandiuza kuti mwana wanga wachitatu amatsinzina diso limodzi akamayang'ana pa bolodi. Ine ndinali naye tsiku lililonse koma sindinaone. Anafunika magalasi.

Nkhani ya mayeso

Njira iliyonse yomwe mungasankhe, mwana adzafuna pepala lovomerezeka kuti apite kukoleji kapena kukafuna ntchito, ndipo satifiketi ya kampani yogulitsa mabuku si paliponse pomwe amailandira. Funsani ngati bungwe la mayeso la m'dziko lanu limalola olemba odziimira okha. Mayeso a kusekondale a Cambridge IGCSE, ochokera ku England, amalola zimenezi kudzera m'malo ovomerezeka, amalembedwa kawiri pa chaka m'maiko ambiri, ndipo pa sayansi pali pepala lolembedwa lomwe limalowa m'malo mwa kuyesa mu labotale. Koma amalipiritsa phunziro lililonse, ndipo malo olembera amakhala m'mizinda. Zengerezu adalinda kwawukwawu: fufuzani zimenezi mwana ali ndi zaka 12, osati 16, kuti zaka zomaliza muziyendetse motsata silabasi ya mayesowo.

Ndiye iti kwa yani?

Ngati ndi chaka chanu choyamba ndipo mantha ndi ambiri, gulani mabuku okonzedwa kale a masamu ndi chilankhulo okha, ena onse muwerengere pamodzi. Musagule mtolo wonse wa ana onse musanaone mmene khomo lanu likuyendera.

Ngati ana anu ndi ambiri ndipo anabadwa motsatizana, onse osakwana zaka 12, njira ya banja lonse pamodzi ndiyo ingakusungireni mphamvu. Ikani mtima pa yemwe akuphunzira kuwerenga chaka chimenecho. Iyeyo asaphonye mphindi zake 15 ngakhale tsiku litavuta bwanji.

Ngati muli ndi achinyamata awiri kapena atatu omwe masamu awo akupitirira pomwe inu munalekezera, ndipo muli ndi sola yodalirika, kompyuta imodzi yokhala ndi maphunziro okopera kale idzachita zomwe inu simungathe. Muzikhala nawo pansi kamodzi pa sabata kuti akuonetseni pa pepala zomwe aphunzira.

Ngati muli oyembekezera, kapena mukudwaladwala, kapena bambo amakhala kutali ndipo munda wonse uli pa inu, sankhani timabuku todziphunzitsa tokha kwa ana omwe akuwerenga kale, ndipo chepetsani maphunziro akhale atatu mpaka mphamvu zitabwerera.

Ngati pali banja lina lophunzitsira pakhomo pa mtunda woyendeka, gwirizanani tsiku limodzi pa sabata, kaya mukutsata njira iti masiku enawo.

Ndipo ngati mwana wina wafika zaka 8 kapena 9 akusokonezabe zilembo ngakhale mwamuphunzitsa mokhulupirika, kapena samva bwino, kapena saona bwino, musangosintha mabuku. Mupite naye kwa achipatala ndi kwa mphunzitsi wodziwa za ana ovutika kuphunzira, ndipo ngati sukulu yapafupi ili ndi thandizo lomwe inu mulibe, mwana ameneyo mulembetseni kumeneko pomwe abale ake akupitiriza pakhomo.